Moto m'Ndowa Yokolopera

Ndikamanena kuti ndinaona moto ukuyaka pamwamba pa madzi ena amaseka, ena amati ndi zaufiti, koma sindikunama ayi, chipsera chake chili pamkono pangapa mpaka lero.

Ndinali mu dezima, kalasi ya khumi, pa sekondale ina yakumudzi, kutali ndi Ulongwe. Sukuluyo inali ndi labolatoliyo, chipinda chabwino ndithu chimene anthu ena achifundo anadzaza ndi mabotolo ndi zipangizo, koma kiyi wake ankagona m'thumba mwa a diretolo, akulu a sukuluyo, ati ana a alimi a kachewere tingaswe zinthu zodula. Zaka zitatu zonse kimika, sayansi ya mankhwala ija, tinkaphunzira ndi choko: a pulofesolo, aphunzitsi athuwo, kujambula botolo, ife kukopera, basi.

Tsiku lina kunamveka kuti akuluakulu a ku Tete akubwera kudzayendera sukulu, ndipo pamenepo ndiye kiyi uja anapezeka. Anatisankha atsikana awiri, ine ndi mnzanga wa pabenchi imodzi amene ankalota zaunamwino, n'kutiuza kuti tikolope ndi kutsuka chilichonse mpaka chiwale. Tangoganizani, kulowa kwathu koyamba m'chipindamo tinalowa ndi tsache ndi ndowa.

Pakona panali kabotolo kafumbi, pepala lake litadyedwa ndi mphemvu, m'kati muli timibulu totuwa tomira m'mafuta onunkha ngati a nyali. Mnzangayo anati n'zonyansa zimenezo, alendo asazione. Ndinavomera, ndipo amene anatsegula n'kukhuthulira m'ndowa yokolopera ndine.

Madzi anayamba kulira ngati mafuta m'chiwaya, timibulu tija tikuthamangathamanga pamwamba, kenako kamoto kachikasu. Mnzanga anawerama kuti aone bwino, nanga ndani akanapanda kuwerama? Pomwepo ndowa inaphulika. Ine ndinangomva kutentha pamkono, koma iye anali pansi atagwira kumaso, akulira kuti sakuona. A pulofesolo anathamangira, anamutsuka kumaso kwa nthawi yaitali, n'kumukweza panjinga yamoto kupita naye kuchipatala ku Ulongwe. Diso lake lamanzere silinapenyenso.

A pulofesolo atabwerako anandiuza kuti timibulu tija tinali sodiyo. Chonsecho ineyo ndinali nditaloweza m'Chipwitikizi kuti sodiyo amasungidwa m'mafuta poti akakumana ndi madzi amayaka, ndinalemba zimenezo pa ezame, ndipo ndinakhoza kuposa aliyense. Mawu ndinali nawo onse, koma chinthucho ndinali ndisanachionepo, ndiye ndikanachidziwa bwanji?

Kumudzi anati ndinamulodza mnzanga chifukwa cha nsanje. A diretolo anati umboni ndi umenewu, ana awa si owalowetsa mmenemo, n'kutsekanso chipindacho. Alendo aja anabwera, ndipo ndinamva kuti anayamikira ukhondo.

Zaunamwino za mnzanga zija zinathera pomwepo. Lero mnzangayo amagulitsa nyemba ku Kalomwe, ndipo tikakumana amandipatsa moni bwinobwino, zimene zimandiwawa kuposa akananditukwana.

Ine sindikhulupirira kuti panali mfiti pamenepo. Anatipweteka ndi amene anatiphunzitsa mayina a zinthu n'kutibisira zinthuzo. Makolo anzanga, mwana akabwera atakhoza sayansi musangoomba m'manja, mufunseni ngati chimene walembacho anachionapo. Akati ayi, pitani kusukuluko mukafunse chifukwa chake, mwana wanuyo akadali ndi maso onse awiri.