Basela wa Mayi Nangondo

K9,000 ndiwo unali mtengo wa ndowa ya mbatatesi pa Nsipe tsiku la chisankho. Ine ndimagulitsa tomato pafupi ndi benchi la Mayi Eliness Nangondo, amene anandiphunzitsa geni. Iwo anakulira m'minda ya ku Biriwiri, ndipo ana awo onse anawaphunzitsa sukulu ndi mbatatesi. Lamulo lawo ndi limodzi: wogula asachoke popanda basela, kaya ndi m'busa kaya ndi chidakwa.

Masana a tsikulo panaima galimoto yoyera ya alendo ochokera kunja, odzaonerera chisankho. Anali atangochoka pasukulu yovotera, pomwe anajambula mizere ya anthu. Anagula ndowa imodzi, Mayi n'kuwatapira zina zodzaza manja awiri monga mwa nthawi zonse. Wina pamsika anajambula pafoni.

Tsoka lake, Duncan, mlongo wawo wa Mayi, anali mmodzi mwa opikisana pa ukhansala, ndipo anapambana ndi mavoti ochepa. Wailesi itanena kuti alendo aja akhutira ndi chisankho, chithunzi chija chinazungulira m'mafoni ndi mawu akuti, "Taonani momwe anawagulira."

M'mawa mwake anyamata a mbali yogonja anatulukira ndi mipini ya makasu. Patsogolo panali Kingston, wonyamula katundu pamsika pathu.

"Mayi, azungu anu aja ali kuti? Aitaneni adzaonerere izi!"

"Iwe Kingston, wadya kangati basela wanga? Nawenso ndinakugula?"

Kingston anawamenya chibakera pakamwa, Mayi n'kugwa. Mpini unatera pamkono wawo wamanja, ndipo ndinamva fupa likuthyoka. Ndinawagwera pamwamba kuti ndiwatchinge, mpini wina n'kunding'amba pamutu. Benchi analithira petulo n'kuliyatsa, mbatatesi zikugubudukira mumsewu, malole akuzinyenya.

Kuchipatala ndinawafunsa Mayi ngati alendo aja ananena zoona.

"Mwanawe, kugulidwa sanagulidwe," anayankha movutikira, milomo itatupa. "Koma mavoti akuwerengedwa, iwo anali atapita kale. Anaona mizere basi. Nanga zatichitikirazi aziona pati?"

"Ndiye baselayu tingomusiya?"

"Ndikamusiya, ndiye kuti ndavomera kuti chinali chiphuphu."

Mkono wawo uli m'chikhakha, koma malo athu pamsika sitiwataya. Lolemba ndipita ku Biriwiri kukapikula matumba awiri, Lachiwiri tikhoma benchi lina pamalo omwewo. Ine ndizidzaza ndowa, iwo azitapa basela ndi dzanja lamanzere.