Mpweya wa pa Masitepe

Mayi Loretta Brandt amamudziwa bwino mkulu wokhala pamwamba pawo m'nyumba yosanja ku Cleveland. Mkuluyu amalemba ndakatulo komanso mawu oti ena aziimba m'zisudzo za opera. Ntchito yake amaiyesera pa masitepe: amakwera akutchula mzere umodzi mokweza, ndipo mpweya ukamuthera asanafike pamwamba, mzerewo amaudula. "Woimba si chitoliro, mayi," amatero. "Nayenso amapuma."

Koma chifuwa chamuvuta zaka ziwiri tsopano, ndipo mizere ikungofupikirafupikira.

Lachiwiri lapitali Mayi Brandt anamupeza atakhala pa sitepe yachinayi, kalata ili m'manja, thumba la buledi lili pambali pake. Wopeka nyimbo amene wagwira naye ntchito zaka makumi atatu anali atamubwezera zolemba zake, ati mawu akumatha nyimbo ikadali pakati.

"Bwanji osangolembera pampando, achikulire? Adziwa ndani?" anafunsa mayiwo.

Mkuluyo anayang'ana masitepe khumi otsalawo, akupumira m'mwamba.

"Mawu ondikanika ine, ndikasenzetse woimba, mwana wa eni?"

Mayi Brandt anamulandira thumba la buledi. Anakwera limodzi pang'onopang'ono mpaka pamwamba, ndipo mkuluyo sanatchule mzere ndi umodzi womwe.