Alamu Anga ndi Laputopu Yokana Intaneti

Alamu anga, achemwali awo aakulu a amuna anga, ndi munthu woti ukawauza kuti nyumba ikupsa, ayamba akufunsa kuti moto wayambira chipinda chiti. Kale zinkandipsetsa mtima, sindinama. Ntchito yawo ndi yoyala mawaya a makompyuta m'maofesi, ndipo aigwira zaka zoposa makumi awiri opanda pepala lililonse la sukulu ya zimenezi. Anayamba ngati wosesa pa kampani ina yokonza makompyuta. Akusesa ankayang'ana, akuyang'ana ankafunsa, mpaka amadigiri omwe anayamba kuwaitana zikawakanika. Anthu amawatchula kuti a Lembani Kaye, chifukwa sakhudza chinthu asanalembe m'kope mmene achipezera.

Ine ndinali nditakhala pakhomo zaka zitatu chitsekereni ofesi yathu. Zaka zitatu, anthuni, kulemba makalata ofunsira ntchito mpaka zala kuchita dzanzi! Ndiye kampani ina inandiitana ku mayeso a ntchito ya ulembi: Lachiwiri, 2 koloko masana, pa intaneti, kuyankha mafunso pa kamera kenako kutaipa kalata iwo akuona. Anachita kunenetsa kuti pa foni ayi, ndipo wochedwa ndi mphindi zisanu asavutike n'kulowa komwe.

Amuna anga, mwa chikondi chawo, Lolemba anabweretsa rauta yatsopano, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba kaja, ati yakale inkachedwa. Mafoni onse analumikizika bwinobwino. Koma Lachiwiri m'mawa nditatsegula laputopu, inkaonetsa kuti yalumikizika, tsamba osatseguka ngakhale limodzi. Bambo akunyumba amvekere, "Kasite zovala zako, izi n'zazing'ono." Anakhala nayo maola awiri athunthu. Anayesa kuipatsa intaneti ya pa foni, inakananso. Potuluka m'chipindamo thukuta lili kamukamu, anangoti, "Tiwaimbire achemwali."

Alamu anafika nthawi itakwana 1:20, fumbi lili mbuu m'tsitsi, kachikwama ka zida kali paphewa. Ine mtima uli m'mwamba, iwo n'kukhala pansi, kutulutsa kope, kuyamba kufufuza cholembera. Ndinatsala pang'ono kukuwa.

"Mlamu, khalani pansi, mukundizunguza mutu," anatero. "Chasintha n'chiyani m'nyumba muno kuyambira tsiku lomwe inagwira komaliza?"

"Rauta basi."

"Basi?" Anayang'ana mlongo wawo. Mlongo wawoyo anayang'ana kudenga.

Anatsegula masamba a kope lawo mpaka kupeza la chaka chatha, lolembedwa dzina langa pamwamba. Kenako anandifotokozera, zala zili pa laputopu. Chilichonse cholowa pa intaneti m'nyumba chimakhala ndi nambala yake, adiresi ya IP. Mafoni amangopatsidwa nambalayo ndi rauta akafika. Koma laputopu yangayi anaikhomera nambala yosasintha iwo eni, 192.168.1.50, kuti kompyuta yakale ya pabalaza izipeza mafaelo anga malo amodzimodzi. Tsono rauta yatsopano imawerenga nambala zake mwina, zoyamba ndi 192.168.0, ndiye laputopu inkagogoda pakhomo la rauta imene inali itapakiridwa kale m'katoni.

"Ndinayenera kukuuzani kuti tsiku losintha rauta mudzandiitane," anatero. "Sindinakuuzeni. Mlandu umenewo ndi wanga, musausakire kwina."

Eee, munthu wa ntchito zamanja kuvomera yekha kulakwa asanafunsidwe? Ine ndinali ndisanaonepo.

Atatsegula malo olembapo nambala aja, anaima. Anakopera m'kope zonse zomwe anapeza, mzere ndi mzere, kenako n'kutembenuza laputopu kuti tonse tione. Panali 192.168.0.1.

"Ili ndiye si dzanja langa," anatero alamu.

Amuna anga anakanda m'mutu. Ati anatembenuza rauta, anaona nambala pa kapepala ka kunsi kwake, ndiye anaganiza kuti ndi imene laputopu ikufuna.

"Iwe, imeneyo ndi nambala ya rautayo, mwini wake! Mlendo wamukhazika pampando wa mwini nyumba, ndiye alandirane bwanji?" Anaseka pang'ono, n'kuwagwira paphewa. "Komabe unafika pafupi. Kuwerenga kunsi kwa rauta si onse amakumbukira."

Anaipatsa laputopu 192.168.0.50, nambala ya rauta ija n'kuiika pamzere wake, wa khomo lotulukira. Anadina. Tinadikira. Tsamba osatseguka.

Wotchi inali pa 1:51. Apa ndiye misozi inayamba yokha, bulauzi yosita bwino ija n'kunyowa pachifuwa. Ndinanena mawu oipa, ndikuvomera. Ndinati pabanja pawo onse ndi amodzi, odziwa kuononga basi. Alamu sanatembenuke n'komwe. Anatsegula kawindo kakuda, analemba nambala ina ya kunja m'malo mwa dzina la tsamba, ndipo mizere ya mayankho inayamba kutsika.

"Njira ilipo," anatero ndi mawu omwe aja ofunsira madzi akumwa. "Chasowa ndi chotanthauzira mayina." Anayendetsa chala m'kope pa zimene anakopera zija, n'kuima pamzere wotsiriza, wa DNS, umene umasandutsa dzina la tsamba kukhala nambala. Unali ukulozabe rauta yakale. Anasintha kanambala kamodzi kokha, ndipo tsamba la kampani ija linangoti mbee.

"Pukutani m'maso, mlamu. Kolala yapindika kumanzereko." Anakoka mlongo wawo pamkono, natseka chitseko. Inali 1:57.

Mayesowo anatenga ola ndi theka. Potuluka ndinawapeza atakhala pansi pakhonde, atatsamira khoma, maso ali pa timagetsi ta rauta. Kumene anasiya ntchito ya eni ake anali atawaimbira kanayi. Sanafunse ngati ndakhoza. Anangoti, "Sinaduke?" Nditati ayi, anadzuka, n'kudzisasa fumbi. Ndinayamba kupepesa za mawu anga aja, iwo amvekere, "Aaa, mlamu, ndamvapo zoposa pamenepo kwa mabwana ovala tayi."

Patapita milungu iwiri kampani ija inaimba. Ndisanauze amuna anga, ndisanauze amayi anga ondibereka, ndinaimbira alamu.

"Alamu, anditenga. Ndiyamba Lolemba."



"Taimani kaye nditsike pamakwerero," anatero. Ndinamva phazi likutsika, limodzi, lina, lina. Kenako alamu aja, amene sindinawaonepo akutekeseka ndi chilichonse, anayamba kulira mokweza m'ofesi ya eni ake, anthu akuwafunsa ngati kwagwa zovuta.