Katatu Kuzungulira Mphasa

Bambo anga, Che Sumani, anali telala pakhonde la sitolo ya mmwenye wina, a Gulamu, pa boma la Mangochi. Sanagwirepo mfuti moyo wawo wonse, ngakhale nkhuku ankachita kupempha mnansi kuti awazingire, koma nkhondo za ku India ankazidziwa ngati anamenya nawo. Anaziphunzira kwa a Gulamu masana, dzuwa likabalalitsa ogula.

Mayi wobwera kudzatenga diresi lake la chipani ankayenera kudekha. Bambo ankayamba ayala mabatani pathebulo la makina. "Uyu ndi Babu, mfumu yochokera kumapiri, asilikali ake ndi ochepa. Uku kuli adani, njovu chikwi!" Njovuzo zinali timitengo ta ulusi. Akatero ankafotokoza mmene Babu analumikizira ngolo ndi zingwe zachikopa pa nkhondo ya ku Panipati, mizinga itabisala kuseri. Akamenya thebulo, phu! njovu zonse zinkagubudukira mumsewu. Dzina lenileni ndi Babur, koma lilime lawo la Chiyao linkataya chilembo chomalizacho.

Nkhani imodzi yokha sankafuna kuimva, ya imfa ya mfumuyo. A Gulamu ankati mwana wake atadwala mwakayakaya, Babu anazungulira bedi katatu, kupempha Mulungu kuti atenge iyeyo m'malo mwa mwanayo. Mwana anachira, Babu n'kufa.

"Limenelo ndi bodza, bwana," ankatero bambo. "Mwamuna wothamangitsa njovu angafe ndi kuzungulira bedi? Ndiponso Mulungu sachita malonda a msintho."

Mu 1978 boma linalamula amwenye kusamukira m'mizinda ikuluikulu. A Gulamu anapita ku Limbe, bambo n'kusamutsira makina awo kunyumba, kwa Mponda. Kuyambira pamenepo mabatani anasiya kumenya nkhondo.

Chaka chotsatira, ndili namwali, malungo anandigwetsa. Jakisoni wa kuchipatala sanaphule kanthu. Tsiku lachisanu masana amayi anataya mtima, n'kupita kukaitana azakhali. Ndili chigonere ndinamva mapazi, ndipo ndinatsegula maso pang'ono. Bambo ankazungulira mphasa yanga, tepi yoyezera ili m'khosi, milomo ikugwedera. Kachitatu anaima kumutu kwanga.

"Ndili pano ine. Mwana wanga Amida musiyeni."

Ndinachira. Bambo anamaliza zovala zonse za anthu, anabweza nsalu zimene anali asanadule, anadziguliratu sanda ya maliro awo, n'kukhala phee pakhonde. Amayi akafunsa, ankangoti, "Ndikudikira mlendo." Mwezi utatha ufa unatha nawo, ndipo amayi anawalalatira kuti mlendo wawoyo abwere ndi thumba la chimanga. Bambo anabwerera pamakina mwamanyazi. Ine sindinaulule zimene ndinaona.

Anasoka zaka zina khumi ndi chimodzi. Diresi langa la ukwati linatuluka m'manja mwawo, ndipo ana anga awiri anakulira pansi pa thebulo lija. Bambowo ndimawasowa koopsa, mpaka lero ndikaponda batani ndimalitola.

Atadwala komaliza anandikodola ndi chala.

"Amida, tsiku lija unali maso, eti?"

"Ndinali maso, Baba."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye ukapita ku Limbe ukawapepese a Gulamu. Silinali bodza ayi. Kungoti mafumu amayankhidwa msanga, ife atelala timaima pamzere."