Mawaya ofiira a achimwene

Alamu anga, akazi a achimwene, sadziwa kukhala manja lende. Ndinawadziwa ali mtsikana, akusoka mayunifomu a ana asukulu pakhonde la sitolo, ndipo mpaka lero akamamvetsera munthu zala zawo zimakhala zikupinda mpendero wa kansalu. Akhala ndi achimwene zaka makumi atatu ndi chimodzi. Achimwenewo anali mmisiri wa zamagetsi, wokonza mafiriji, masitovu ndi mapampu a madzi. Zaka ziwiri zapitazo anagwa m'bafa ndi sitiroko. Mbali yakumanja inafa, mawu anapita. Anatsala ndi maso, makutu ndi dzanja lamanzere.

Kuyambira pamenepo moyo wa alamu ndi kuchapa. Wodwala wogona safuna zofunda za dzulo. Mashiti m'mawa, mashiti madzulo, matawulo, nthawi zina bulangete. Ine ndimapitako Lachiwiri ndi Lachisanu ndikachoka ku mapemphero, kukathandiza kuwatembenuza, popeza ndinadwazikapo bambo a kwathu ndipo ndikudziwa mmene msana umapwetekera.

Makina ochapira anali m'kachipinda kuseri kwa khitchini. Achimwene anawatola kwa munthu amene anali atawataya, n'kuwadzutsa ndi manja awo. Makinawo ankagwedezeka ngati galimoto yakale, mwendo umodzi utakhala pa njerwa, ndipo phokoso lake linkafika kuchipinda. Akayamba kuzungulira, achimwene ankatembenuza mutu n'kutseka maso kumvetsera.

"Ndiyo wailesi yawo imeneyo," ankatero alamu.

Tsiku lina makina anakukuta, n'kuima madzi ali momwemo. Alamu sanawauze achimwene. Anatulutsa mabeseni kuseri, n'kumachapa pamanja milungu itatu. Zala zinang'ambika m'mfundo monse. Achimwene ankangoyang'ana kukhomo nthawi yochapa ikakwana, m'nyumba muli zii.

Mwana wawo wamkazi, amene ndi mphunzitsi, atabwera n'kuona manjawo anakwiya.

"Amayi, chiphakasacho chatha. Ndikugulirani atsopano sabata ino. Azakhali, auzeni inu, ine sandimva."

Alamu anayankha motsitsa mawu, chifukwa chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula.

"Iwe, makinawa atulukira kuti? Khomo ndi limodzi. Adutsa pamaso pa bambo ako, anthu atawanyamula. Chinthu chomaliza chimene anakonza, chimene chikugwirabe ntchito m'nyumba muno. Ukufuna aganize chiyani za iwo eni?"

Anagwirizana zoyamba aitana mmisiri. Anabwera Lachisanu, ine ndilipo, bambo wamtali wa imvi m'ndevu. Anagwada, n'kumasula chitsulo chakumbuyo, n'kuwalitsa tochi. Kenako anakhala pansi n'kuyamba kuseka.

"Amayi, amene anachita izi ndani? Ndikufuna ndimugwire chanza, kenako ndikamumangitse."

Mawaya onse m'katimo anali ofiira. Makina ena amakhala ndi mawaya amitundumitundu kuti mmisiri adziwe kumene waya aliyense akupita. Achimwene anali ndi mpukutu umodzi wa waya wofiira, ndipo ankalumikizira chilichonse umenewo. Mapu ake anali m'mutu mwawo.

"Ndikagwira pano ndipsa kapena ndiwotcha nyumba," anatero mmisiri. "Mwini wake anamwalira?"

"Ali m'chipindamo," alamu anayankha. "Koma salankhula. Ndipo sakudziwa kuti afa makinawa."

"Sakudziwa? Munthu wolumikiza chonchi, milungu itatu osamva phokoso? Amayi, anadziwa tsiku lomwelo. Ine ntchito ya mnzanga sindiiweruza mwini wake ali pakhomo. Abweretseni."

Alamu anandiyang'ana.

"Alamu, mundipempherere," anatero, n'kulowa kuchipinda.

Achimwene tinawakweza panjinga yawo ya olumala awirife, n'kuwakankha mpaka pakhomo la kachipindako. Mmisiri anavula kapu.

"Abwana, mwadzuka bwanji? Ndapeza ntchito yanu. Kodi sitolo ya mawaya inali ndi mtundu umodzi wokha?"

Mbali yamoyo ya pakamwa pa achimwene inakwera pang'ono. Ndinali ndisanaione ikutero chidwalireni. Anakweza chala n'kuloza waya wachitatu kuchokera kumanzere. Mmisiri anamutsatira ndi tochi. Achimwene analoza wina, kenako wina. Mmisiri akalakwitsa, achimwene ankamenya chogwirira cha njinga, ndipo iye ankati, "Pepani aphunzitsi, mutu wakalamba." Anayenda choncho mpaka anapeza kuti magetsi alibe vuto.

Ndiye achimwene anatambasula dzanja. Mmisiri anawapatsa tochi, iwo anakana. Anawapatsa sipanala, anakananso. Alamu ndi amene anadziwa. Anatola sikuludiraiva yaitali m'bokosi n'kuwaikira m'manja. Tinawasendeza pafupi. Anagunditsa nsonga yake pamakina, chogwirira n'kuchiika pakhutu, monga ankachitira pa ntchito yawo yonse. Mmisiri anazungulitsa mgolo wa m'kati ndi dzanja, pang'onopang'ono. Ife tinangomva kukhwekhwereza. Achimwene anamvetsera nthawi yaitali, maso ali otseka, n'kupempha ndi chala kuti azungulitsenso. Kenako analoza kuseri kwa mgolo. Mmisiri analowetsa mutu.

"Ee. Chitsulo chogwira mgolo chadyeka ndi dzimbiri, chathyoka pawiri. Kuwotcherera ndingawotcherere, abwana, koma mukudziwa nokha."

"Wotchererani," alamu anafulumira. "Ngakhale agwire miyezi iwiri. Zina ndizichapa pamanja, sindidandaula."

Achimwene anaika sikuludiraiva pamiyendo. Anagwira dzanja la akazi awo, n'kulitembenuza, n'kuyang'ana zala zong'ambikazo chimodzichimodzi. Alamu anafuna kulibweza, iwo anakanikiza. Atatha, analoza makina, n'kuloza kukhomo.

"Tiwataye, bambo?"

Achimwene anagwedeza mutu kuvomera. Alamu anafunsanso, ndipo iwo anamenya chogwirira cha njinga mwamphamvu, monga anachitira mmisiri atalakwitsa.

Achimwene sanalole kubwerera kuchipinda. Analoza mota, mmisiri anaimasula n'kuiika pambali. Analoza pampu, nayonso inatuluka. Koma lamba achimwene anamukana. Patatsala chigoba chokha, mmisiri anaitana woyendetsa galimoto yake, ndipo anachinyamula awiri. Pakhomo chinakakamira. Achimwene anazungulitsa dzanja m'mwamba kuti achipendeketse, ndipo chinadutsa.

Alamu anaima m'kachipinda mopanda kanthumo, akuyang'ana banga la dzimbiri pasimenti. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Zaka ziwiri ndakhala ndikuwasankhira chilichonse," anandiuza. "Malaya, nthawi yogona, mbali yogonera. Sindinawafunsepo kanthu, alamu. Mulungu andikhululukire."

Mwana wawo anabwera madzulo ake ndi zithunzi za makina atsopano pafoni. Anafuna kuonetsa amayi ake, koma iwo anamulozera kuchipinda.

"Kaonetse bambo ako. Ine za makina ndizidziwira kuti?"

Achimwene anakana atatu oyamba. Achinayi anawayang'ana nthawi yaitali, n'kuzungulitsa chala kuti awaonetse kumbuyo kwake.