Sitima Yotuwa ndi Chitseko Chotseka

Kasitimako ndinakapeza pamsika wa ku Katete, pamulu wa zidole za salaula, zakale zochokera kunja, kali m'bokosi lake, tizidutswa ta pulasitiki tisanalumikizidwe. Inali sitima yapamadzi yankhondo, mizinga yake ngati timitengo ta machesi. Panali patapita miyezi ingapo chiikireni mkazi wanga m'manda, ndipo manja ankasowa chogwira ndikaweruka kusukulu komwe ndimaphunzitsa ku Sinda.

Kulumikiza sikunavute. Inavuta ndi penti. Pabokosi sitimayo inali yotuwa, koma m'mashopu munali penti ya zitseko basi. Ndinkasakaniza yoyera ndi yakuda m'chivindikiro cha botolo, n'kusungunula ndi parafini. Burashi yokwana pamizinga inali ya m'kabotolo kamene malemu ankapakira zikhadabo. Ndiye kunali fumbi la Okutobala, lomwe limamatirira pa penti yaiwisi. Ndinayamba kutseka chitseko ndi mawindo, mwana wanga wamkazi, wa zaka zitatu, akusewera kwa aneba.

Nkhani inakafika ku Vubwi, kwawo kwa malemu, itanenepa. Akuti mkamwini amadzitsekera masana, m'nyumba mumatuluka fungo lachilendo, mwana ali kwa eni. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Ine achibale a malemu anangondisiyira mwa chifundo. Loweruka lina anatulukira amalume ake a malemu.

"Akamwini, tamva kuti mumatseka chitseko dzuwa lili pamutu."

"Ndi fumbi, amalume."

"Fumbi layamba chaka chino?"

Ndinawalowetsa. Ndisanatsegule pakamwa anali atainyamula kale sitimayo ngati chimanga chowotcha, penti isanaume. Kamlongoti kanathyoka n'kugwera pansi. Ndinangoluma mano.

"Imayenda pamadzi?"

"Iyayi."

"Mwana amaseweretsa?"

"Ingathyoke."

Anayang'ana kamlongoti pansi paja, kenako zala zawo zotuwa. "Mugulitsa?"

"Iyayi."

"Nanga ine ndikanene chiyani kumudzi?"

Zoona zake, ndikamapenta kamzinga mpweya ndimaugwira kuti dzanja lisanjenjemere, ndipo nthawi imeneyo sindikumbuka za kuchipatala komwe mkazi wanga anamwalirira. Ndinawapatsa kansanza koviika m'parafini.

Anapukuta zala nthawi yaitali. "Agogo ake anati ndibwere naye mwanayu," anatero. "Ine ndikanena kuti ndapeza bambo wa ku koleji akupenta chidole. Akaseka, koma kusekedwa sikulanditsa mwana. Chitsekochi ndiye chikulanditsani. Tulutsani tebulo panja, aliyense aziona yekha."

"Penti iwonongeka."

"Iwonongeke. Mukufuna sitima yosalala kapena mwana?"

Tebulo tinanyamulizana, iwo mbali ina, ine mbali ina. Anabwerera ku Vubwi okha.

Kuyambira pamenepo ndimapenta pakhonde, ndipo msewu wonse uli ndi maganizo. Amayi a kumpingo akuti yotuwayi ikuoneka ngati sindinayambe n'komwe, ndithireko yofiira. Mphunzitsi mnzanga akufuna mbendera ya timu yake. Wakabaza wina amaima tsiku lililonse kufunsa ngati yatha, n'kukhudza ndi chala kuti atsimikize. Mbali yonse ya kumanzere ili ndi zidindo za zala za anthu osiyanasiyana, ndipo ndinaleka kuzifufuta.

Mwana amakhala pansi pa tebulo. Akagwedeza mwendo wa tebulo, mzere umapindika. Ndimamuuza kuti asiye. Sasiya.