Esiteti ya Mphesa Imene Sindinaione

Chaka chimenecho ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Ndinkanyamuka ku Tallaght pa Luas, sitima yamagetsi yoyenda m'misewu, mpaka m'tauni, kenako n'kukwera sitima yodutsa m'mphepete mwa nyanja mpaka ku Dún Laoghaire. Kumeneko kunali mayi wina wachiairishi, wamasiye, amene anathyoka fupa la m'chiuno atagwa pamasitepe. Ntchito yanga inali kuwasambitsa, kuwaveka, kuwapatsa mankhwala ndi kuwayendetsa pang'onopang'ono m'nyumbamo. Thupi linali lofooka koma mutu unali bwinobwino, ndipo pakamwa ndiye panali pakuthwa. Ndinkawaitana kuti amayi, ndipo dzinalo analilandira atandiuza kaye kuti iwo sanabereke mwana wamtali ngati ine.

Amuna awo anali ndi sitolo ya mankhwala moyo wawo wonse, ndipo anawasiyira nyumba yaikulu ya njerwa zofiira yoyang'ana kudoko. Mwana anali mmodzi yekha, bambo wa imvi kale, wogwira ntchito ya muofesi. Miyezi yanga yoyamba ndinkamuona mwa apo ndi apo. Ankabwera ndi maluwa, n'kukhala pang'ono osavula n'komwe jasi, n'kumapita.

Kenako anayamba kubwera sabata iliyonse, ndipo sankabwera yekha. Ankabwera ndi bambo wina wa suti yokwana bwino, wonunkhira mafuta okwera mtengo, wonyamula chikwama chachikopa ndi mabotolo. Akafika ankatsekera chitseko cha pabalaza. Ine ndinkatsala kukhitchini, madzi a tiyi akuwira, khutu lili kuchitseko.

Tsiku lina ndikulowetsa tiyi ndinaona zithunzi zitayalidwa patebulo. Panali nyumba yamiyala yakalekale, yokhala ndi katchalitchi kake pambali. Panali mizere ya mphesa yotsetsereka ndi phiri, ndi mitengo yopindikapindika ya masamba otuwa imene bambo wa suti anati ndi ya azitona. Ine azitona ndinkangowadziwira m'Baibulo ndi m'mabotolo a m'sitolo. Bamboyo anati malowo ali ku Portugal, kumudzi ndithu, ndipo banja limodzi lakhala likupanga vinyo pamenepo kuyambira makolo a makolo awo, koma tsopano ana onse anathawira m'mizinda.

"Si kokongola kumeneku?" anandifunsa, uku akunditchula dzina langa loyamba ngati tinakulira limodzi. Ine sindinamuuzepo dzina langa.

Ndinati n'kokongola, ndipo ndinatuluka.

Ine kwathu ndi ku Thyolo, m'malire mwa esiteti ya tiyi. Mawu akuti esiteti sandikomera m'khutu ngati mmene amakomera anthu ena. Pa chithunzi pamaoneka zobiriwira zokhazokha, koma amene amathyola masambawo simuwaona, ngakhalenso nyumba zawo zimene zili kuseri kwa phiri. Komanso ndinaona amalume anga akugula malo ongolozeredwa ndi chala, atayima pamsewu, n'kudzapeza kuti malo omwewo ali ndi eni ake ena amene sanafunsidwe. Choncho nditaona munthu wa suti akuonetsa munda wa papepala kwa mayi amene sangathe kukwera masitepe a m'nyumba mwawo, mtima wanga unakana.

Zizindikiro zinayamba kuchuluka. Kunabwera mtsikana wojambula zipinda zonse, mpaka anandipempha kuti ndichotse mpando wa amayi wosambira kuti usaoneke. Zithunzi ziwiri zakale zinachoka pakhoma n'kusiya mabala oyera. Anthu aja akapita, amayi ankatsala otopa, masaya atafiira, ndipo m'tambula mwawo ndinkapeza madontho a vinyo, chikhalirecho mankhwala awo ena sankalola mowa. Nditawafunsa, anati ndi kulawa chabe, ndipo munthu sagula munda wa mphesa asanalawe.

"Ndiye mukugula?" ndinafunsa.

"Tikuona," anatero, n'kutembenukira kuwindo.

Mawu akuti "tikuona" aja ndi amene anandisowetsa mtendere. Mayi amene ankandiuza maganizo awo pa chilichonse, kuyambira ulaliki wa ansembe mpaka mmene ndimapindira matawulo, pa nkhani iyi yokha anali kubisa nkhope. Ndinaganiza kuti akuopa mwana wawo.

Tsiku lina bambo wa suti ananditsatira kukhitchini n'kuika botolo la mafuta a azitona patsogolo panga. Anati ndi a kumunda komweko, ndikapatse ana. Anawonjezera kuti amayi amandikhulupirira kwambiri, ndipo zingakhale bwino kuti asamamve zinthu zowadetsa nkhawa. Ananena akumwetulira. Botololo ndinaliika m'kabati ya amayi momwemo, sindinapite nalo kwathu.

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi ndinafotokozera alamu anga, akazi a achimwene, amene anayamba ntchito imeneyi kale ine ndisanabwere kuno. Anamvetsera mpaka pamapeto, kenako anati, "Alamu, inu munapita kukasambitsa munthu kapena kukalondera nyumba? Za m'banja la eni ake zisiyeni. Mawa akagwirizana, wotsala panja ndinu."

"Nanga akawalanda nyumba n'kuwatayira kumalo osungira okalamba?"

"Ndi mayi ake. Si mayi anu."

Zimene ananena zinali zoona ndithu. Komabe pa maphunziro a ntchito anatiuza kuti ukaona ngati wokalamba akudyeredwa masuku pamutu, ngakhale ndi abale ake, uyenera kunena. Ndinazengereza masiku angapo. Chimene chinandikankha n'chakuti ndinamva mwana uja akukweza mawu pabalaza, amayi n'kuyankha mokweza. Mwanayo atatuluka anandidutsa osapereka moni, maso ali psuu. Ndili pasiteshoni podikira sitima ndinaimbira foni supavaiza wanga.

Patapita masiku kunabwera mayi wina wa boma woona za chitetezo cha okalamba. Anacheza ndi amayi awiriwiri nthawi yaitali. Atachoka, amayi anandiitana ndi kabelu kawo, kamene sankakonda kukagwiritsa ntchito.

"Khala pansi. Ndiwe unawaitana anthu amenewa?"

Ndinavomera. Ndinati ndinaona zinthu zimene sizinandikhalire bwino.

"Ndiye unaganiza kuti mwana wanga akundibera."

Ndinavomera ndi mutu.

"Mwana ameneyo sangabe ngakhale supuni," anatero. "Malowo ndinawapeza ndine, pa kompyuta, nthawi ija ndinali gone m'chipatala. Munthu wa suti uja ndinamuitana ndine. Mwana wanga amabwera kudzandiletsa. Tsiku lija unamva phokoso, ankandiuza kuti ndapenga."

Anapumira, kenako anapitiriza motsitsa mawu. Anati zaka zonse za ukwati wawo ankapempha amuna awo kuti asamukire kwinakwake kwa dzuwa, koma bamboyo ankati sitolo singatsekedwe. Anzawo onse a mumsewu umenewo anali ataikidwa m'manda. Anati atopa ndi kukhala pawindo kuwerenga mabwato m'mvula. "Ngati ndi uchitsiru, ukhale wanga. Sindinapangepo uchitsiru wangawanga chibadwire."

Ndinafunsa chifukwa chimene ankandibisira. Anati ankadziwa kuti ndidzawayang'ana ndi maso omwewo amene ndinali kuwayang'ana nawo panthawiyo.

Sanandichotse ntchito, ngakhale sabata yonseyo ankangolankhula nane zofunika zokha. Amene anandidabwitsa ndi mwana wawo. Anandipeza kukhitchini, n'kuvula jasi koyamba chimudziwireni, n'kukhala pampando.

"Ndamva kuti mumandiyesa wakuba," anatero.

Ndinati, "Pepani bambo, ndinaona mmene zinkaonekera."

"Musapepese. Inenso ndinkakuganizirani inu."

Ndinasiya mbale imene ndinkatsuka. Anafotokoza kuti amayi ake anamuuza kalekale kuti akadzasamuka adzanditenga, chifukwa ndimadziwa Chipwitikizi. Iye anaganiza kuti ndine ndinawaika maganizo amenewa m'mutu, mwinanso ndinali pamgwirizano ndi bambo wa suti, poti ankaona akundimwetulira ndi kunditchula dzina. Ndinaseka mosafuna. Chipwitikizi changa ndi cha malemu mayi anga, amene kwawo kunali kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Chimathera pa moni, zikomo ndi kutukwana mbuzi. Ndinali nditawaphunzitsako amayi mawu ochepawo tsiku lina powasambitsa, pongocheza.

Kuyambira pamenepo tinatsala ndi munthu mmodzi womukayikira tonse awiri. Mwanayo anati kubwera kwa mayi wa boma kunamuthandiza, chifukwa amayi ake analola kuti afune loya wawowawo wa ku Portugal komweko, osati amene bambo wa suti ankawalozera. Loyayo atafufuza anapeza kuti nyumba ndi mphesa zinalidi za banja logulitsalo, koma mbali yaikulu ya mitengo ya azitona inali ya pachibale, ndipo msuweni wina wokhala kunja sanavomere kugulitsa. Bambo wa suti atafunsidwa anati ndi kankhani kakang'ono, zoterezi zimachitika ndi malo akale, ndipo iyenso sankadziwa. Mwina sankadziwadi. Koma mabotolo anasiya kubwera, ndipo ine anayamba kundidutsa ngati sanandionepo.

Ndinkayembekeza kuti amayi abwerera m'mbuyo. Ayi ndithu. Anati agula nyumba, mphesa ndi mitengo yochepa imene inalibe mkangano, msuweniyo adzakambirana naye akadzafika. Mwana wawo anapita kukaona malowo n'kubwera ndi nkhope yosaonetsa maganizo ake. Anati denga likufunika ntchito, msewu ndi wafumbi, chipatala chili kutali, koma kunja kukamacha malowo ndi okongola kuposa pazithunzi paja.

Chikwangwani chogulitsa nyumba chitaikidwa pageti, amayi anandifunsa mwachindunji. Anati kuseri kwa nyumba yaikuluyo kuli kanyumba kena, kamene kale kankagona woyang'anira munda. Ndikhoza kukakhala mmenemo ndi ana anga, kwaulere, n'kumawasamalira monga kale.

Ananena ndi mtima wabwino, ndikukhulupirira. Koma nditangomva za kanyumba ka kuseri, ndinaona nyumba zija za kwathu kuseri kwa phiri, kumene munthu ntchito ikatha ndiye kuti pogona pathanso. Ndinadzifunsa ngati ankafuna ine, kapena ankafuna manja amene anawazolowera, kudziko kumene sindikanakhala ndi kampani yondilemba ntchito, ngakhale mlamu woti n'kudandaulira. Ana anga anakulira kuno, ndikawalankhula Chichewa amayankha m'Chingerezi, ndiye ndiwayambitsenso chilankhulo china chifukwa cha loto la munthu wina?

Ndinati, "Amayi, zikomo, koma sindingathe."

"Sundikhulupirira," anatero.

"Ndimakukhulupirirani. Koma inu mukadzatsogola, amene adzatsale ndi makiyi sindimudziwa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati limenelo ndi yankho la munthu wanzeru, ndipo anzeru anawatopetsa kale. Anandipempha kuti ndiwathandize kusankha zovala zoti atenge. Majasi onse ankafuna kuwasiya, koma ndinawakakamiza kutenga awiri.

Anasamuka masika a kuno atayamba. Ine a kukampani anandipatsa wokalamba wina ku Drumcondra, bambo wosalankhula, wokonda wailesi. Amayi anandiimbira foni ya kanema kamodzi, ali pakhonde lamiyala, mphepo ikusokoneza mawu. Kumbuyo kwawo kunadutsa mayi wina wa kumeneko atanyamula ndowa, ndipo sanayang'ane kufoni. Ndinafunsa kuti ameneyo ndani. Anati ndi wowasamalira, ndipo ali ndi manja olimba kwambiri. Foni inadukira pomwepo, ndipo nditayesa kuimbanso sinalowe.

Patadutsa chaka ndi miyezi ndinakumana ndi mwana wawo mwangozi kuchipatala cha ku Tallaght. Ine ndinaperekeza mwana wanga amene anabinya phazi pa mpira, iye anabwera kudzapimidwa mtima. Iye ndiye anandizindikira. Anati amayi ake ali moyo, anenepa, ndipo akukangana ndi mnansi pa nkhani ya madzi a m'chitsime. Vinyo wa chaka choyamba anasasa yense, moti anangomugawa kwa anthu a m'mudzimo. Msuweni uja mpaka pano sanayankhe.

"Koma akusangalala?" ndinafunsa.

"Amatero," anayankha. "Ndimapitako ndikapeza mpata."

Ndinapempha nambala ina yoti ndiziwapezerapo. Anagwiragwira m'matumba, n'kunena kuti foni yake yazima, koma anditumizira akakafika kunyumba. Nesi anaitana dzina lake, ndipo anaimirira mofulumira n'kundigwira chanza. Ndinamuyang'anitsitsa kumaso kufuna kuona ngati pali chimene akubisa, koma ndinangoona munthu wotopa amene akuopa zotsatira za dokotala. Nambalayo sanatumize. Mwina anaiwala, poti tsikulo anali ndi zake zomudetsa nkhawa. Ndinauza alamu anga, ndipo anati ndisiye kufufuza za anthu amene sanandifunse. Ndinavomera, koma sabata yomweyo ndinaimbiranso nambala yakale ija, ndipo inangoitana mpaka kuduka.